Kutenga ndi kulera mwana amene ali ndi HIV: zoyenera kuchita kuyambira tsiku loyamba

Ana ambiri amene ali ndi kachilombo ka HIV ndipo akuleredwa ndi anthu ena sanadutse kukhoti ayi. Anafika pakhomo maliro atatha, achibale atakhala pansi ndi mwinimbumba n'kugawana ana: uyu apite kwa azakhali ake, uyu atsale ndi agogo. Ena ochepa amatengedwa kuchokera kunyumba zosungirako ana, mwa lamulo. Malangizo awa ndi a magulu onse awiriwa.

Mankhwala alipo. Ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma kuno ku Malawi kuyambira 2004, ndipo mwana amene akumwa bwino amakula, amaphunzira, amadzakwatira n'kubereka ana opanda kachilombo. Chimene chimagwetsa ana amasiye si kusowa kwa mankhwala kwenikweni, koma kusinthasintha manja. Chaka chino ali kwa azakhali, chaka chamawa kwa amalume, holide kwa agogo, ndipo pakati pa maulendowa buku la kuchipatala latayika, tsiku lokatenga mankhwala palibe akulidziwa. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo n'zoona, koma pa nkhani ya mankhwala mwana wa tonse amagona osamwa, aliyense akuyesa kuti mnzake wampatsa.

Choyamba: gwirizanani m'nyumba mwana asanabwere

Ngati muli pabanja, mnzanuyo adziwe zonse. Kubisira mwamuna kapena mkazi wanu kuti mwanayo ali pa mankhwala kumathera kobisa botolo m'thumba la ufa ndi kumwetsa mwana mozemba, ndipo zozemba sizikhalitsa. Sankhani munthu mmodzi amene adzakhale gadiyani wake kuchipatala, wolembedwa dzina, wodziwa tsiku lililonse lobwerera. Sankhaninso wachiwiri, wamkulu wokhala pakhomo pomwepo, woti agwire ntchitoyo woyambayo akadwala kapena akapita kumaliro. Werengeraninso ndalama ya thiransipoti. Mankhwala ndi aulere, koma kabaza si waulere.

Chachiwiri: mapepala

Pali njira zitatu. Yoyamba ndi yachibale ija, yopanda pepala lililonse. Yachiwiri ndi kulera mwana mwa chilolezo cha ofesi ya social welfare ya m'boma lanu, motsatira lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Apa mwana amakhala m'manja mwanu koma sanasanduke wanu mpaka kalekale. Yachitatu ndi kumutenga kukhala mwana wanu weniweni kudzera kukhoti, pansi pa lamulo la Adoption of Children Act.

Njira yachitatuyi ili ndi malire ake. Wopempha akhale wa zaka zosachepera 25, ndipo apose mwanayo ndi zaka 21, ngakhale khoti limatha kufewetsa za kusiyana zakaku ngati muli pachibale chapafupi. Mwamuna amene akupempha yekha saloledwa kutenga mwana wamkazi pokhapokha pali zifukwa zapadera. Pamafunika chilolezo cha kholo limene lili moyo kapena amene akuyang'anira mwanayo, ndiponso cha mkazi kapena mwamuna wanu. Khoti limasankha munthu woimira zofuna za mwanayo, kawirikawiri wa ku social welfare, amene amabwera kudzaona pakhomo panu n'kulemba lipoti. Khoti lingathenso kukupatsani mwana mongoyembekezera, kwa nthawi yosapitirira zaka ziwiri, lisanagamule kotheratu. Kupereka kapena kulandira ndalama kuti mwana aperekedwe n'koletsedwa. Wina akakuuzani kuti ali ndi njira yachidule, chokanipo.

Kodi amene watenga mwana wa mchemwali wake akufunika kukhoti? Osati nthawi zonse. Komabe ndikulangizani kuti mukaonekere ku social welfare, adziwe kumene mwanayo ali. Tsiku lina adzatulukira bambo ake kapena a kuchimuna, mwina atamva kuti pali ndalama za malemu, n'kunena kuti mwana tikumutenga. Popanda cholembedwa mulibe poimira, ndipo mwanayo adzasamutsidwa pakati pa mankhwala. Ofesi yomweyo ndi imene ingakuuzeni ngati banja lanu lingalowe mu Mtukula Pakhomo. Ngati mwanayo alibe setifiketi ya kubadwa, yambani msanga kuilondola ku National Registration Bureau. Osowa ndalama ya loya akhoza kufunsa ku Legal Aid Bureau.

Chachitatu: buku la kuchipatala ndi transifa

Musachoke ndi mwana musanagwire m'manja buku lake la kuchipatala ndi mabotolo onse amene atsala. M'bukumo muli nambala yake ya ART (yolandirira ma ARV), mtundu wa mankhwala ndi tsiku lobwerera. Ngati mukusamuka naye dera, pitani kaye kumene amalandirira akulembereni transifa. Osakamuyezetsa mwatsopano kwina ngati munthu amene sanayambepo mankhwala. Mbiri yake imatayika, ndipo adokotala sadziwa zimene anamwapo kale ndi zimene zinamukana.

Jambulani tsamba la nambala ndi la mankhwala pa foni. Namondwe Freddy atawomba m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, mabanja ambiri anataya mabuku ndi mankhwala m'madzi. Mukakhala ndi nambala ndi dzina la mankhwala, chipatala china chilichonse chopereka ma ARV chingakupatseni oyembekezera.

Ngati simukudziwa za magazi a mwanayo koma mayi ake anamwalira ndi matenda osadziwika bwino, kamuyezetseni ngakhale akuoneka wathanzi, ngakhale ali ndi zaka 10. Alipo ana amene kachilombo kamayenda pang'onopang'ono m'thupi mwawo, n'kudzadziwika atapinimbira kale.

Za khanda n'zosiyana. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amakhala ndi chitetezo cha mayi ake m'magazi mpaka miyezi 18, choncho kuyeza kwa pachala kuja kungasonyeze ngati ali nako pomwe alibe. N'chifukwa chake pa masabata 6 amatenga magazi okayezedwa mwa njira ya PCR, imene imafufuza kachilombo kenikeniko, kenako amamuyezanso pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Zotsatira za PCR muzilondole, musadikire kuti akuimbireni. Zikasonyeza kuti ali nako, ayambe mankhwala nthawi yomweyo: popanda mankhwala, pafupifupi theka la makanda otere samafika zaka ziwiri. Khanda lopanda mayi limafunika mkaka wa m'chitini wa makanda kwa miyezi 6 yoyamba, wosungunulidwa ndi madzi owiritsa, wa m'kapu yoyera. Phala ndi mkaka wa ng'ombe zisanafike nthawi yake zimatsegula m'mimba. Ngati wachibale akufuna kumuyamwitsa, kambiranani kaye ndi anamwino.

Chachinayi: mankhwala a tsiku ndi tsiku

Kale kumwetsa mwana ma ARV inali nkhondo, chifukwa ena anali amadzi owawa koopsa, ofunika kusungidwa pozizira, omwa m'mawa ndi madzulo. Kuyambira 2019 dziko lino linayamba kusinthira anthu ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo kuyambira 2021 anafika a ana aang'ono, a 10mg, osungunuka m'madzi komanso okoma pang'ono. Amaperekedwa kwa mwana wa masabata 4 kupita m'tsogolo amene wakwana makilogalamu 3, pamodzi ndi piritsi lina la abacavir ndi lamivudine, nalonso losungunuka. Ambiri amamwa kamodzi patsiku.

Kasungunulidwe kake: thirani madzi aukhondo ochepa m'kapu, masupuni a tiyi awiri mpaka anayi malinga ndi kuchuluka kwa mapiritsi, ponyanimo, gwedezani mpaka asungunuke, mpatseni amwe onse pasanathe mphindi 30. Mukatero thiraninso timadzi pang'ono, tsukuluzani, amwenso, chifukwa zotsalira pansi pa kapu ndi mankhwala omwewo. Madzi akachuluka mwana amasiya theka.

Sankhani ola limene pakhomo panu silisuntha. Ena amasankha m'mawa phala lisanaphikidwe, ena madzulo pa nthawi ya nkhani za pawailesi. Ikani alamu pa foni. Chofunika kwambiri n'choti muone ndi maso anu akumeza. Mwana wa zaka 8 amatha kubisa piritsi m'tsaya n'kukalavula kuseri kwa bafa, osati chifukwa cha mwano, koma watopa nazo ndipo palibe wamuuza chifukwa chake.

Mukaiwala, ngati sipanathe maola 12 kuchokera pa nthawi yake, mpatseni pomwepo; ngati apitirira, dikirani nthawi yotsatira, osaphatikiza kawiri. Akasanza pasanathe mphindi 30 chimwereni, mpatseninso. Akayamba kutentha thupi, zidzolo ndi kusanza m'masabata oyambirira a mankhwala okhala ndi abacavir, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Sizichitikachitika, koma zikachitika si za mawa.

Dolutegravir sagwirizana ndi zinthu zingapo. Mapiritsi owonjezera magazi, a calcium ndi a chilungulira amamulepheretsa kulowa bwino m'thupi, choncho funsani mmene mungawatalikitsire. Mwana akayamba mankhwala a TB okhala ndi rifampicin, dolutegravir amamwedwa kawiri patsiku. Mankhwala ena a khunyu, monga phenobarbitone ndi carbamazepine, nawonso amamuchepetsa mphamvu. Kulikonse kumene mwana akulandira chithandizo, onetsani buku.

Bactrim amene amapereka limodzi ndi ma ARV musamuone ngati wapadera woti n'kusungira ena odwala chifuwa pakhomo. Amateteza mwanayo ku chibayo, kutsegula m'mimba, ngakhalenso malungo. Akapatsidwa mankhwala oteteza ku TB, amalize onse.

Kenako pali aneneri ndi asing'anga. Mupemphere mmene mungathere, mwanayo apite ku Sande sukulu kapena ku madrasa monga anzake, koma aliyense wonena kuti wachira asiye mankhwala akukunamizani. Palibe pemphero, madzi odzozedwa kapena mtsitsi zimene zachotsapo HIV m'thupi. Ena amapusitsidwa ndi zotsatira zoti tizilombo sitikuoneka m'magazi, n'kuyesa kuti ndi chozizwitsa. Ndi mankhwala akugwira ntchito, ndipo akasiyidwa tizilombo timabwerera m'masabata ochepa.

Chachisanu: sikelo ndi viral load

Mlingo wa mankhwala a mwana umayendera makilogalamu, osati zaka. Akamakula mapiritsi amawonjezeka. Akafika makilogalamu 20 amayamba dolutegravir wa 50mg, ndipo akafika 30 angathe kusinthidwira ku piritsi limodzi la akuluakulu, lija timati 13A. Apa ndi pamene agadiyani ambiri amalakwitsa mosadziwa: amapita okha kukatenga mankhwala kuti mwana asajombe kusukulu, miyezi n'kumapita mwana osakwera sikelo, akumwa mlingo wa thupi limene analisiya kale. Mlingo wochepa umapatsa kachilombo mpata wozolowera mankhwala. Pitani naye.

Viral load ndi kuyeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi. Amayeza pakatha miyezi 6 chiyambireni mankhwala, kenako nthawi ndi nthawi. Funsani zotsatira, zilembedwe m'buku. Tizilombo tikapitirira 1,000, musayambe ndi kukalipira mwana. Khalani pansi ndi aphungu a kuchipatala mufufuze limodzi: kodi amamwa nthawi yanji, amamupatsa ndani, holide anali kuti, mlingo ndi wolondola? Nthawi zambiri vuto limapezeka pamenepa, ndipo akayezanso pakatha miyezi ingapo zimakhala zatsika.

Chachisanu ndi chimodzi: chakudya ndi matenda ena

Safunika chakudya chachilendo. Adye za magulu 6 aja: zokhutitsa, za nyama, za nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Phala lothira nsinjiro, usipa, dzira, nkhwani wotendera, nthochi kapena papaya ndi zokwanira, bola azidya kangapo patsiku. Akamatsika sikelo kapena kutupa mapazi, kuchipatala kuli chiponde ndi Likuni Phala. Agone m'neti, alandire katemera yense, ndipo mtsikana alandire wa HPV woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene kwa iye ndi wofunika koposa. Chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku, kuwonda, mafinya m'khutu, kupuma mothamanga: zonsezi musaziyambire ku grosale.

Chachisanu ndi chiwiri: pakhomo pasakhale mbale yake yake

HIV siyenda m'mbale, m'kapu, m'bafa, pamphasa, m'thukuta kapena mwa udzudzu. Adye m'mbale imodzi ndi ana anu, agone nawo, amenyane nawo monga ana amachitira. Mswachi ndi lezala aliyense akhale ndi zake, ndipo lamulo limeneli likhale la nyumba yonse, osati la iye yekha. Akavulala, tsukani bala ndi sopo n'kumanga, mutavala magolovesi kapena kajumbo koyera m'manja, monga muyenera kuchitira ndi magazi a wina aliyense. Wina akabayidwa ndi chinthu chokhala ndi magazi ake, kuchipatala kuli mankhwala a PEP oteteza kuti asatenge kachilombo, ofunika kuyamba pasanathe maola 72.

Mwana wamasiye amaona msanga kusiyana. Ngati anzake agulidwa nsapato iye n'kupatsidwa zotha, ngati ntchito zonse zolemetsa ndi zake, kapenanso ngati saloledwa kugwira ntchito iliyonse chifukwa akuti ndi wodwala, amadziwa kuti pano ndi mlendo. Kumusasatitsa ndi kumusala kumafika pamodzimodzi.

Chachisanu ndi chitatu: kumuuza

Apa ndi pamene olera ambiri amazengereza, ndipo ndikuwamvetsa. Kumuuza za iye ndi kuululanso za mayi ake amene anagona kale. Koma mwana amafunsa: bwanji ndimamwa ndekha, anzanga samwa? Mayankho amene timathawirako ndi odziwika: ndi a mtima, ndi a asima, ndi mavitamini. Bodza lotere limagwira zaka zingapo, kenako mwana amawerenga dzina pabotolo, kapena amaphunzira za Edzi m'kalasi, kapena mnzake amamutukwana nazo pamjigo. Akadziwira kwina, chimene chimasweka si mtima wake wokha komanso chikhulupiriro chake mwa inu, ndipo ambiri amabwezera posiya mankhwala.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2011 kuti ana a msinkhu wopita kusukulu aziuzidwa, ndipo aang'ono aziuzidwa pang'onopang'ono malinga ndi nzeru zawo. Si nkhani ya tsiku limodzi. Wa zaka 5 mpaka 7 mungamuuze zoona zosatchula dzina: m'thupi mwako muli asilikali okuteteza ku matenda, mulinso kachilombo kamene kamafuna kuwafooketsa, mankhwalawa amakagoneka tulo kuti asilikali ako akhale amphamvu. Palibe bodza pamenepo, ndipo mudzamangirapo. Akamakula onjezerani. Asanathe msinkhu, cha m'ma 10 mpaka 12, alidziwe dzina lake la kachilomboko.

Tsiku lotchula dzinalo likonzekereni ndi aphungu kapena anamwino; angakuthandizeni kunena, kapena kunena iwo inu muli pomwepo. Lisakhale tsiku limene mwakwiya, limene wadwala, kapena la pafupi ndi mayeso. Yambani ndi kumufunsa zimene akudziwa kale, mudzadabwa. Mafunso ake adzakhala atatu: ndinakatenga kuti, ndifa, ndani akudziwa? Loyamba liyankheni mosanyoza malemu: unabadwa nako, amayi ako sanafune kuti zitero, ndipo si mlandu wako. Lachiwiri: ayi, ukamamwa mankhwala udzakula ngati wina aliyense. Lachitatu mutchulireni mayina, kuti adziwe amene angalankhule nawo.

Ena amalira, ena amangoti chabwino n'kupita kukasewera, mkwiyo n'kudzabwera patatha mwezi. Muziyang'ana tulo take, kadyedwe, ndi za kusukulu. Akayamba kudzipatula kapena kulankhula zofuna kufa, musazitenge ngati zachibwana. Pitani naye kwa aphungu. Nambala yaulere ya 116 yothandiza ana iliponso.

Ngati munamutenga ali khanda ndipo sadziwa kuti simunamubereke, ndiye kuti muli ndi nkhani ziwiri. Musazitule tsiku limodzi. Yoti munamutenga ibwere msanga, akadali wamng'ono, chifukwa funso loti ndinakatenga kuti silingayankhidwe moona ngati iyo ili yobisika.

Chachisanu ndi chinayi: ena oti adziwe

Nkhaniyi mwini wake ndi mwanayo. Lamulo la HIV and AIDS (Prevention and Management) Act la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha HIV ndipo limateteza chinsinsi chake. Sukulu singamukane malo pa chifukwa chimenechi. Simukakamizidwa kuuza aphunzitsi, aneba kapena a kumpingo. Uzani okhawo amene adzagwire mankhwala. Ndipo chonde, musakaimirire nayo nkhaniyi pa umboni kutchalitchi kapena kuilemba pa Facebook pofuna kuonetsa chifundo chanu. Mudzayamikiridwa tsiku limodzi, iye adzayenda nayo moyo wonse.

Sukulu yogonera komweko imafuna kukonzekera. Ana ambiri amasiya kumwa kumeneko poopa kulira kwa mapiritsi m'botolo usiku m'hositelo. Gwirizanani ndi mwanayo za munthu mmodzi, matroni kapena mphunzitsi amene iye akumukhulupirira, ndipo pemphani kuchipatala mankhwala okwanira teremu yonse.

Chakhumi: akamakula

Zaka za unyamata ndi zimene viral load imakwera kwa ambiri, ngakhale amene ankamwa bwino ali aang'ono. Watopa, akufuna kufanana ndi anzake, wayamba chibwenzi. Mulembetseni ku Teen Club. Magulu amenewa, amene anafalitsidwa ndi a Baylor omwe ali ndi chipatala cha ana pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, tsopano akupezeka m'zipatala zambiri. Achinyamata amene anauzidwa kale za magazi awo amakumana Loweruka, amalandira mankhwala, amasewera, amakambirana. Zimene mnzake wa msinkhu wake angamuuze, inu simungathe.

Za kugonana mukambe naye poyera, kapena mupeze azakhali kapena amalume oti akambe naye. Adziwe za makondomu ndi za kulera. Adziwenso uthenga uja wa T=T, Tizirombo Tochepa = Thanzi: munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika mpaka tizilombo osaoneka m'magazi sapatsira mnzake pogonana. Kwa wachinyamata amene amadziona ngati sadzakwatira, chimenechi ndi chifukwa champhamvu chomwera mankhwala kuposa kumuopseza ndi imfa. Mnyamata akamapita kumdulidwe apite wa kuchipatala, ndipo amene akupita kuchinamwali kapena kudambwe mankhwala apite nawo, mutapangana ndi wamkulu mmodzi wa kumeneko.

Udindo wa mankhwala muupereke pang'onopang'ono. Ayambe ndi kutchula yekha dzina la mankhwala ake ndi nambala yake, kenako kusunga alamu, kenako kulankhula yekha ndi adokotala inu muli panja. Koma mapiritsi muziwerengabe mwa apo ndi apo mpaka mutakhutira.

Chotsiriza n'choti mukonzeretu za tsiku limene inu simudzakhalapo. Lembani wilo, mumutchule dzina. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerengera mwana wotengedwa kudzera kukhoti ngati mwana wanu, koma amene mukungomulera mwachibale angathe kutsala manja lende ngati simunalembe. Uzani gadiyani wachiwiri uja kumene kuli buku, mapepala a ku social welfare ndi setifiketi ya kubadwa, ndipo mupite naye kuchipatala kamodzi kuti anamwino amudziwe nkhope.